Tinakanena Maliro kwa Wapampando wa Komiti

Nyumba yathu ili kumapeto kwa Wakefield, ku Mangalande kuno, ndipo pamene ndikulemba izi ndidakali momwemo. Ndanena zimenezi poyambirira kuti wina asaganize kuti ndine munthu amene nyumba inamukanika. Sinandikanike. Ndine namwino, ndatembenuza odwala m'wadi mpaka msana wangawu unasiya kundimvera, ndipo nyumbayi inachokera pamsana womwewo. Koma pali chimene palibe anandiuza tisanagule, ndipo ndikachikumbukira mtima umandiwira ngati chachitika dzulo.

Kale tinkachita lendi ku Sheffield, pamwamba pa chitunda choti ukamachokera ku ntchito miyendo imachita kunjenjemera. Khoma la kuchipinda linkamera nkhungu, mwana wathu wamkazi chifuwa sichinkamuchoka, mwininyumba ukamuimbira ankangoti tizitsekula mawindo. Mawindo, m'nyengo yozizira ya kunoyi. Ndiye titamva kuti kwamangidwa nyumba zatsopano kufupi ndi chipatala chimene ndinasamukira, tinapita kukaona tili ndi njala ya nyumba, ndipo munthu wanjala sasankha ndiwo.

Tinaiyendera mmene munthu wa kwathu amayenderera nyumba. Amuna anga anagogoda makoma ndi chibakera, anatsekula mipope yonse, anatuluka panja kukayang'ana denga ndi kumene madzi a mvula amalowera. Ine ndinafunsa za anthu oyandikana nawo ndi za sukulu. Kutsogolo kwa khomo kunali bwalo la kapinga, lalikulu bwino, losalala. Ndinaliona n'kunena mumtima kuti apa ndiye pabwalo pathu. Mtsikana amene ankagulitsa nyumbazo anatiuza kuti nyumba zonse za pamalopo zili pansi pa kampani imodzi ya eninyumba, kuti aliyense wogula amakhala membala, amasonkha chaka ndi chaka zosamalira kapinga, magetsi a mumsewu ndi msewu womwe, ndipo pali komiti ndi wapampando wake. Ine ndi amuna anga tinayang'anana mokondwa. Kuli komiti. Kwathu komiti ya m'dera ndi imene imabwera ndi tenti, mipando ndi nkhuni pakhomo pakagwa zovuta, ndipo tinaganiza kuti ngakhale azungu nzeru imeneyi ali nayo.

Loya anatumiza chimulu cha mapepala. Ndinawerenga poyambirira, ndinawerenga pamene panali mtengo, ndinasaina pamene anachonga. Musandiyang'ane choncho, inu amene mumawerenga zonse. Munthu wochoka pa shifiti yaitali, mwana akutsokomola, ungakhale pansi n'kumamasulira Chingerezi cha maloya chimene eniake omwe amachita kulemba munthu kuti awamasulire?

Chaka choyamba ndinayamba kuphunzira pang'onopang'ono. Msewu wodutsa pakhomo pathu si wa khonsolo, ndi wa kampani. Bwalo la kapinga lija si lathu, ngakhale ndine ndimatolapo mapepala ouluka ndi mphepo. Tinaika mbale ya wailesi ya kanema kukhoma la kutsogolo kuti bambo azionera mpira, kunabwera kalata yoti tichotse. Ndinasiya bini ya zinyalala panja tsiku limodzi mopitirira chifukwa ndinali m'tulo, kunabwera kalata. Zosonkha zija zinkakwera chaka chilichonse osatifunsa, ndipo nditafunsa ngati tingatulukemo m'kampanimo tizidzimetera tokha udzu, anandiuza kuti umembala unamatiridwa ku nyumba, umachoka pokhapokha wagulitsa. Ndinkalalatira makoma a kukhitchini, amuna anga n'kumati, "Mayi, kwa eni kulibe mkuwe, zisiyeni." Iwo ndi munthu wofatsa, wa malamulo, woti ngakhale pamsewu popanda galimoto amadikira getsi lisinthe. Ndinkazisiya, chifukwa mbale ya kanema ndi bini si zinthu zoti munthu n'kudwala nazo.

Kenako achemwali anga anamwalira.

Anali achemwali, koma ndiwo anandilera mayi athu atatisiya ine ndili wamng'ono. Anali mphunzitsi wa pulayimale ku Ntcheu. Ndiwo anandiperekeza ku sukulu ya unamwino atasenza sutikesi yanga pamutu, ndipo ndiwo ankandikalipira pa foni ndili mayi wa mwana kale, ine n'kumangoti pepani. Uthenga unabwera Lachinayi m'mawa kuchokera kwa achimwene anga, amene anatsala kumudzi. Anati mwambo woika m'manda udzakhala Lamlungu, sangathe kusunga thupi kupitirira apo. Ine n'kuti ndangochitidwa kumene opaleshoni ya m'mimba, ndikuyenda chowerama ngati nkhalamba. Sindinafunikire dokotala kuti andiuze kuti ndege sindingakwere. Ndinkadziwa ndekha.

Chimene chinanditsalira chinali chimodzi: kuti anthu abwere akhale nane pakhomo panga, tilire, tiimbe, mpaka achemwali alowe m'manda. Kunoko timatero. Wina akaferedwa kwawo, Amalawi ndi anzathu a ku Zambia a ku Sheffield, Rotherham, Leeds ndi kwina amasonkhana kwa woferedwayo, wina ndi mpunga, wina ndi nkhuku, wina ndi manja okha atangotsika pa shifiti. Amayi amakhala pansi m'nyumba, abambo panja. Ine ndakhala pansi m'nyumba zambiri za anthu, ndaimba mpaka mawu kutha. Maliro n'kulirana, ndipo tsopano inali nthawi yanga.

Masana a tsiku lomwelo amuna anga anasamba, anavala jekete ndi tayi. Ndinawafunsa kumene akupita.

"Kukanena maliro," anatero. "Anthu sangayambe kufika eni dera asanamve."

Sindinawaletse, ndipo panalibe chifukwa chowaletsera. Kwathu sungayambe kulira mokweza pakhomo akuluakulu a pamalopo usanawadziwitse. Ngakhale m'tauni umapita kwa mkulu wa dera, umanena kuti kwagwa zakuti, iye n'kuuza anthu ake. Si kupempha chilolezo ayi. Imfa sipempha chilolezo kwa munthu. Ndi ulemu chabe, ndipo amene wauzidwayo amadziwa kuti ntchito yake tsopano ndi kuthandiza. Amuna anga anatenga mkulu wina wa kutchalitchi kwathu, poti nkhani yotere supita wekha, nakagogoda kwa wapampando wa komiti, mzungu wachikulire wopuma pantchito amene ankakhala kuseri kwa bwalo lija.

Anabwerako nkhope itamasuka. Anandifotokozera kuti anaima pakhomo atagwira manja kutsogolo, nanena zonse mwadongosolo: kuti alamu awo atisiya, kuti anthu adzabwera ambiri kuyambira Lachisanu mpaka Lamlungu, kuti abambo adzakhala panja ndiye tidzakhoma tenti pakapinga, kuti kudzakhala nyimbo. Wapampando uja anawagwira chanza, anapepesa kwambiri, anafunsa kuti anthu angati, magalimoto angati, tenti yaikulu bwanji.

"Munthu wabwino uja," amuna anga anatero akuvula tayi. "Wafunsa zonse bwinobwino. Mwina akufuna atipezere mipando."

Lachisanu m'mawa kunabwera imelo yochokera ku ofesi imene imayendetsa za kampani ija. Mzere woyamba unali wopepesa. Kuchokera apo, tenti pakapinga ayi, chifukwa malowo ndi a anthu onse ndipo inshuwalansi siilola. Mipando pakapinga ayi. Kuimba panja ayi. Magalimoto a alendo aime m'malo a alendo okha, amene pamalo ponsepo ndi owerengeka ndi zala, ndipo oima pena paliponse adzalipitsidwa. Anamaliza ndi kutifunira mphamvu pa nthawi yovutayi.

Ndinaimba foni. Anayankha mtsikana wa mawu ofewa, nati akumvetsa mmene ndikumvera. Ndinamuuza kuti sakumvetsa, ndipo asanamizire. Anati ngati ndikufuna kugwiritsa ntchito bwalolo pa chochitika chapadera, ndilembe pempho, komiti idzaliona pa msonkhano wake wa mwezi wamawa. Ndinamufunsa ngati akufuna ndiimbire achimwene anga ndiwauze kuti adzukulu asiye kukumba manda, achemwali adikire msonkhano wa mwezi wamawa. Anati sangathe kupitiriza kulankhula nane ngati ndikukweza mawu. Ndinadula ndine.

Madzulo a Lachisanu anthu anayamba kufika. Nyumba zatsopano za kunozi n'zokongola kunja, koma m'kati n'zopapatiza, zimangotalika kupita m'mwamba. Tinakankhira sofa kukhoma, amayi anakhala pansi mothinana, mawondo pachibwano. Abambo analibe kopita. Ena anaima m'kanjira ka pakhomo, ena anakhala pamasitepe motsatizana ngati ana a sukulu, ena anangokhala m'magalimoto mwawo mawindo ali otsekula. Kuseri kwa nyumba kuli kadimba, koma n'kotsetsereka, ndipo ukayanika mabulangeti awiri kadzadza. Ndinali pansi pakona nditatsamira pilo, ndipo ndikayang'ana pawindo ndinkaona bwalo la kapinga lili pululu, dzuwa la chilimwe likuliwala, abambo achikulire ataimirira m'mphepete mwake ngati akuopa kuponda mbewu za munthu.

Loweruka m'mawa ndinawauza amuna anga kuti tenti ikhomedwe.

"Mayi, atilembera kale kuti ayi."

"Ndiye mukawalembere kuti ndamva. Bambo ake, akulu ampingo aimirire tsiku lonse pamaliro a achemwali anga? Ngati simukhoma, ndidzuka ndikhome ndekha, ulusi wa m'mimbawu uduke, mukandisokenso."

Anandidziwa kuti ndikhoza kuchitadi. Tenti inali itabwera kale pa galimoto ya mayi wina wa ku Zambia, mnzanga wa kutchalitchi amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Rotherham, mayi wamphamvu zake amene pamaliro alionse ndiye amagwira kukhitchini. Abambo anaikhoma mosachedwa, anandandalika mipando, ndipo kwa kanthawi zinthu zinakhala mmene ziyenera kukhalira. Amayi anayambitsa nyimbo m'nyumba, abambo akuvomera panja ndi mawu aakulu aja, mawuwo n'kumalowa pawindo. Pamenepo ndi pamene ndinalira koyamba kulira kwenikweni, kochokera pansi pamimba, osasamala za bala. Chiyambire Lachinayi ndinali ndisanalire choncho.

Sizinakhalitse. Nyimbo ili pakati, mwana wanga analowa n'kundinong'oneza m'Chingerezi chake kuti panja pali bambo wovala chovala chowala amene akumata timapepala tachikasu pamagalasi a magalimoto. Chigulire nyumbayi, munthu wolipitsa magalimoto ndinali ndisanamuonepo Loweruka. Tsiku limeneli anabwera, ndipo ankayenda modekha kuchoka pa galimoto ina kupita pa ina, akujambula ndi foni.

Anthu athu ambiri anabwera kuno pa chilolezo cha ntchito yosamalira okalamba. Munthu wotere pepala lililonse lachilango limamuopsa, ngakhale umuuze kuti ili ndi la kampani wamba silikhudza za boma. Amaganiza za abwana ake, za mapepala ake, za ana amene wangowaitanitsa kumene. Nyimbo inaduka. Wina anaima pakhomo n'kumatchula manambala a magalimoto, amayi n'kumadzuka mmodzimmodzi, kupondana miyendo, kufunafuna makiyi m'zikwama. Amene ankatsogolera nyimbo nayenso anadzuka vesi isanathe. Kosunthira magalimotowo kunalibe. Msewu waukulu uli ndi mizere yoletsa, ndipo basi yofika kwathu kuno Loweruka imayenda mwa apo ndi apo. Ndinaona mtsikana wina amene anachokera ku Sheffield atavala yunifolomu, akubisa kapepala kachikasu m'chitenje, misozi ili m'maso. Misozi imeneyo sinali ya achemwali anga, ndipo sindikanamudzudzula. Anthu anayamba kudzandigwira dzanja n'kumati tibweranso, tibweranso, koma ndinkadziwa kuti wakwera galimoto wapita.

Mayi wa ku Zambia uja anatuluka kukhitchini atagwira chikombe. Atamva kwa mkulu wa mpingo mmene zinayambira, anaika manja m'chiuno n'kuyang'ana amuna anga.

"Manje imwe atate, munayenda kukawauza chifukwa chani? Kuno sauza. Muchita chabe, pofika Mande apeza mwasiliza."

Amuna anga anangoweramitsa mutu, bambo wamkulu, pamaso pa anthu. Zinandipweteka kuposa imelo ija. Ndinamuuza mnzangayo kuti awasiye, anachita zimene munthu woleredwa amachita. Iye anati sakuwanyoza, akungonena mmene dziko lino lilili. Zoona zake, tonse awiri tinkanena zoona.

Pamenepo ndinaona pawindo wapampando uja ataima m'mphepete mwa kapinga, akujambula tenti. Ndinadzuka. Amayi anandigwira chitenje, ndinawasasa. Ndinatuluka nditagwira mimba ndi dzanja limodzi, wopanda nsapato, mpango uli pambali, ndipo ndinamulankhula Chingerezi chimene sindilankhula kuwadi. Ndinamuuza kuti amuna anga anabwera kwa iye ngati kwa mkulu, atavala tayi, ndipo iye anatenga ulemuwo n'kukaupereka ku ofesi ngati lipoti la wakuba. Ndinamufunsa kuti udzuwu ndi wa golide kodi, woti bambo wa imvi sangakhalepo masiku awiri. Ndinamufunsa kuti zimene timasonkha chaka ndi chaka n'zoti atilondere nazo kapena atithandize nazo. Ndinamufunsa ngati iye sanaferedwepo.

Nkhope yake inafiira mpaka m'makutu. Sanakweze mawu, ndipo zimenezo zinandiwonjezera ukali, chifukwa munthu wokalipa amafuna womubwezera. Anati mkazi wake anamwalira zaka zingapo zapitazo, ndiye imfa akuidziwa. Anati malamulowo sanalembe ndi iye, anawapeza, anasaina monga ine ndinasainira. Kenako ananena chimene sindidzaiwala.

"Amuna anu atangondiuza, ndinalibenso kochitira. Ndine wapampando. Chinthu chikachitika pabwalopa ine ndikudziwa, wina n'kuvulala, mlandu ndi wanga. Ndinayenera kuuza ofesi. Mukanangochita osandiuza, mwina ndikanatseka katani yanga n'kumaonera kanema."

Ndinangomuyang'ana. Ndiye kuti pamalo pano waulemu ndiye amalangidwa, wozembera ndiye amapulumuka. Ndinabwerera m'nyumba, ndipo bala linayamba kundikumbutsa kuti lilipo.

Masiku ano mnzathu akandiuza mosangalala kuti akugula nyumba kumalo atsopanowa, ndimamukhazika pansi, ndipo ena amati ndine wansanje. Ndimamuuza kuti afunse msewu ndi wa ndani, ndi udzu umene akuuona pakhomowo ndi wa ndani, chifukwa chimene diso lako likuona kuchokera pakhomo si chako chonse. Afunse amene amakweza zosonkha ndi amene angamuletse. Apite Loweruka akawerenge malo oimika magalimoto a alendo, aganize za anthu a mpingo wake onse atabwera tsiku limodzi. Ndipo amuuze loya kuti asamuwerengere zonse, angomuonetsa tsamba la zoletsa, limene limakhala kumapeto kwenikweni kumene maso amafika atatopa. Ife pogula nyumba timaganiza za phwando lotsekulira, za ana kusewera, za alendo ochokera kumudzi. Palibe amaima m'nyumba yatsopano n'kufunsa kuti tsiku la maliro abambo adzakhala pati, koma funso lake ndi limenelo. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya lambiri.

Tenti inatsitsidwa masana a Loweruka lomwelo. Anthu anali atachepa, otsalawo ankangoyang'ana pawindo nthawi ndi nthawi ngati munthu wa timapepala uja wabweranso. Nyimbo ikayambika inkafera panjira. Mkulu wa mpingo anakhala pansi pafupi nane n'kunena motsitsa mawu kuti mawa ndi tsiku loika, ndipo zikapitirira chonchi ndidzakhala ndi anthu osakwana n'komwe kuvomera nyimbo. Mayi wa ku Zambia uja sanadikire kuti amalize.

"Tiyeni kwanga," anatero. "Nyumba ni ya lendi, ni yoipa, koma msewu ni wa boma. Aliyense aimika pamene afuna."

Ndinakana. Ndinakana kawiri, katatu, ndinati maliro a achemwali anga sachoka pakhomo panga, ndinagula nyumbayi ndi thukuta langa. Palibe ananditsutsa. Anangondisiya ndilankhule mpaka mawu anatha okha, kenako amayi anayamba kunyamula mapoto. Chinanditsitsa n'chakuti ndinayang'ana amene anatsala, anthu otopa, ena sanagone chichokere ku ntchito, ndipo ndinaona kuti ndikuwasunga pamalo pamene akuchita mantha chifukwa cha kunyada kwanga.

Anandikweza m'galimoto kumpando wakutsogolo, pilo ali pamimba kuti lamba asandipweteke. Amuna anga anazimitsa magetsi, anakhoma chitseko, anayesa chogwirira kawiri monga amachitira nthawi zonse. Woferedwa kuchoka panyumba pake kupita kukalirira kwa eni, chinthu chimene sindinachionepo chibadwire. Ndinatukwana mumtima njira yonse ya ku Rotherham, ndipo Mulungu andikhululukire, ena mwa mawuwo anatuluka.

Nyumba ya mnzangayo ili mumsewu wakale wa nyumba zogundizana, za njerwa zakuda ndi utsi wa makedzana. Pepala la pakhoma linali litayamba kusupuka pakona, kapeti itatha pakati, fungo la chinyontho lija ndinalithawa ku Sheffield linandilandira pakhomo. Kuseri kunali bwalo la simenti long'ambika, ndipo tenti inakwanamo ndendende. Uthenga unayenda pa mafoni. Pofika Lamlungu m'mawa anthu anabwerera onse, ndi ena amene dzulo lake sanabwere. Magalimoto anadzaza msewu mbali zonse. Bambo wa nyumba yoyandikana nayo anasuzumira pampanda, anafunsa chachitika n'chiyani, ndipo atamva anapita n'kubwera ndi mipando ya kukhitchini kwake. Palibe anakamuuza mwaulemu, palibe anavala tayi.

Mwambo wa kumudzi tinauonera pa foni. Achimwene anga anapatsa mphwathu wina foni kuti aigwire m'mwamba, ife kuno tinaiimika pampando pakati pa chipinda, amayi atazungulira. Chithunzi chinkaima n'kuyambanso, mawu ankabwera mochedwa. Ndinaona bokosi likutuluka m'nyumba ya achemwali, ndinaona ana a sukulu amene ankawaphunzitsa atandandalika m'mbali mwa njira, ndinaona dothi lofiira la kwathu. Kumeneko akayamba nyimbo, kuno ankailandira, abambo kuseri n'kuvomera, ndipo panalibe amene anadzuka kukasuntha galimoto. Bokosi likutsika ndinafuula dzina limene ndinkawaitana ndili mwana. Amayi anandigwira mapewa, wina anandigwira mimba kuti bala lisatseguke, ndipo anandisiya ndilire mpaka ndinatopa.

Zonse zitatha, anthu akubalalika kumanda, achimwene anatenga foni. Maso awo anali ofiira. Kumbuyo kwawo kunali azakhali ndi abale ena akusuzumira.

"Achemwali, muli ndi anthu kumeneko? Tembenuzani foni tiwaone, tiwathokoze."

Ndinauza mwana wanga kuti aitembenuze. Anaiyendetsa pang'onopang'ono, kuonetsa amayi atakhala pansi mpaka kukhomo, abambo atadzaza kuseri, mapoto pa tebulo. Achimwene anathokoza mwaulemu wonse, anati tsopano mtima wawo wakhala pansi poona kuti mlongo wawo sali yekha kudziko la eni. Kenako ndinaona maso awo akuyang'ana kupitirira anthu, pakhoma losupuka lija, padenga lothimbirira. Achimwene anga ndi amene anayenda ndi zithunzi za nyumba yanga mudzi wonse chaka chimene tinagula, kuonetsa aliyense wofuna ndi wosafuna yemwe.

"Kodi nyumba munagula ija ndi imeneyi?"

Chipinda chonse chinamva. Mnzanga wa ku Zambia uja anayang'ana pansi. Ndikanatha kunama, kapena kunena kuti foni ikuduka, koma ndinali nditatopa kwambiri.

"Ayi achimwene, ino ndi ya mnzanga. Kwanga kuja salola."

"Salola chiyani?"

"Maliro. Tenti, magalimoto, kuimba panja. Pali malamulo."

"Salola ndani? Si mwati munagula?"

"Tinagula."

Anatembenuka kuuza azakhali, ndipo ndinamva azakhali akufunsa kachiwiri ngati sanamve bwino. Achimwene anabwerera pa foni. Sanakalipe, sananyoze, anafunsa ngati munthu amene akufunadi kumvetsa.

"Nanga achemwali, ngati simungalirepo m'bale wanu, munagula chiyani?"

Amuna anga anali ataima pakhomo la kukhitchini, jekete lili pamkono. Ndinawayang'ana kuti mwina ayankha ndi iwo, poti ndiwo odziwa kulankhula modekha. Nawonso ankandiyang'ana ine. Achimwene anadikira ndithu, foni ili m'manja, abale ataunjikana kumbuyo kwawo.